Inshulansi yotchipa imadula tsiku la ngozi

Ambiri a ife tikangoyamba ntchito timathamangira kugula galimoto, kaya ndi ka Vitz kaya ka Mira kochokera ku Japan. Ikafika nkhani ya inshulansi, timangofunsa kuti yotchipa ili kuti, bola apolisi apamsewu asativutitse. Ine ndikuti tiyambe tafunsa kuti adzatiyankhulire ndani tsiku limene galimotoyo idzagundidwe. Munthu woyenera ntchito imeneyo ndi broker wa inshulansi amene ali ndi chiphaso.

Ejenti amagulitsa inshulansi m'dzina la kampani imene akuiyimira. Broker amayimira inu. Amafunsa mitengo ku makampani angapo, monga NICO General, Britam kapena General Alliance, nakufotokozerani kusiyana kwake. Dobadoba woyimaima kunja kwa maofesi a zamsewu si ejenti ndipo si broker. Akalandira ndalama yanu, ntchito yake yatha.

Nanga broker weniweni mungamudziwe bwanji? Kuno ku Malawi mabroker amalandira chiphaso kuchokera kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Musachite manyazi kupempha kuti muone chiphasocho. Wachilungamo sangakwiye nazo.

Mukamupeza, mufunseni zinthu zimene zimalizitsa anthu. Third party, imene lamulo limafuna pa galimoto iliyonse, imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwawonongera katundu, koma yanuyo mukonzetsa nokha. Comprehensive imateteza ndi yanu yomwe, komabe ili ndi excess, ndalama imene mumayamba mwatulutsa m'thumba mwanu kampani isanalipire yotsalayo. Funsani kuti ndi zingati. Ndipo ngati madzulo mumanyamula anthu ngati takisi, nenani poyera. Galimoto yolembetsedwa kuti ndi yoyendera nokha ikachita ngozi itanyamula anthu olipira, kampani ikhoza kukana kukupatsani chilichonse.

Palinso nkhani ya mtengo wa katundu. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo zinthu zoitanitsa kunja zinakwera mtengo. Tiyerekeze kuti katundu wa m'shopu yanu ya mafoni munamulembetsa pa K5 miliyoni, koma lero ndi wa K10 miliyoni. Moto ukawononga wa K2 miliyoni, mapangano ambiri amalola kampani kukupatsani K1 miliyoni yokha, chifukwa munateteza theka la katunduyo. Broker wodziwa ntchito amakukumbutsani zimenezi chaka chilichonse musanalipirenso. Wongokutumizirani nambala ya akaunti sakukuthandizani.

Ena anena kuti broker amalandira komishoni kuchokera ku kampani ya inshulansi, choncho akhoza kukukankhirani kumene iye adye zambiri. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma mankhwala ake si kuthawa broker. Pemphani mitengo ya makampani atatu yolembedwa papepala, ndipo mumufunse chifukwa chimene akukondera imodzi. Mukalipira, tengani lisiti ndi chikalata cha mgwirizano chokhala ndi dzina lanu, kenako imbirani kampaniyo kuti itsimikize kuti mwalembedwadi. Ngati akuzungulitsani osathandizidwa, ofesi ya Registrar ija imalandira madandaulo a makasitomala.

Funso lomaliza limene ndimaliona kuti ndi lalikulu ndi ili: ngozi ikachitika usiku, ndiimbire ndani, ndipo ndikhale ndi mapepala ati? Broker wabwino akuuzani za lipoti la apolisi, zithunzi za pamalo angozi, komanso masiku amene muyenera kukhala mutadziwitsa kampani. Amene akuyankha mozemba musanamulipire sadzayankha foni galimoto ili m'ngalande. Tinaphunzira kuwerenga mabuku a masamba mazanamazana ku yunivesite, ndiye tisalephere kuwerenga masamba ochepa a mgwirizano umene ukuteteza ndalama yathu yoyamba.