NYIMBO ZA PA MCHENGA ZISAPITE NDI MWERA

Mmisiri wa nyimbo sadziŵika m'nyumba yojambulira mau, m'mene cholakwa chimafufutidwa ndi kukonzedwa kakhumi. Amadziŵika pabwalo, pamaso pa khamu, pamene chala chikaphonya nsambo palibe kubwerera. Nchifukwa chake ine ndimati chimbale chojambulidwa pabwalo chiposa chija cha m'situdiyo.

Taonani gulu la Deep Purple la ku England. M'mwezi wa August 1972 linaimba ku Osaka ndi ku Tokyo, ndipo za masiku atatuwo zinatuluka m'chimbale cha Made in Japan. Nyimbo ya Space Truckin', imene m'situdiyo sinakwane mphindi 5, kumeneko inatenga pafupi-fupi mphindi 20: wa gitala akaputa, wa limba nkuyankha, monga achitira wang'oma ndi wovina pabwalo la gule. A The Who anajambula Live at Leeds pa 14 February 1970, pamaso pa ophunzira a pa yunivesite. Nawo a Yes, akatswiri a progressive rock, amene nyimbo yao imodzi inkadzaza mbali yonse ya mbale, anatulutsa Yessongs mu 1973, kutsimikiza kuti luso lao linali m'zala, osati m'makina.

Chojambulidwa sichifa. Anansi athu a ku Zambia anali ndi magulu a WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, amene ankaimbanso m'chinenero chathu chomwechi. Mbale zao za m'ma 1970 zitasindikizidwanso ku America, dziko linatcheranso khutu, kotero kuti WITCH inadzuka ndi kutulutsa chimbale cha Zango mu 2023. Pakanapanda mbale zija, akanaŵakumbuka ndani?

Nanga ife a ku Salima? Gombe lathu laona zazikulu. Chikondwerero cha Lake of Stars chinachitikira ku Senga Bay mu 2008, ndipo chinabweranso m'boma lino mu 2018. Sand Music Festival, imene anayambitsa Lucius Banda mu 2010, yasonkhanitsa anthu kangapo pa mchenga wa Livingstonia Beach. Lucius anatisiya mu June 2024. Mwana amene ali mu Sitandade 1 lero adzamva nyimbo zake za m'situdiyo, inde. Koma adzamva bwanji m'mene khamu linkampolokezera usiku, mafunde akuomba kumbuyo? Madzi akatayika saoleka.

Ena adzati masiku ano aliyense amajambula ndi foni. Zoona, koma tizidutswa timeneto ndi phokoso chabe: ng'oma imameza mau, mphepo imameza gitala, ndipo foni ikagwera m'nyanja zonse zathera pomwepo. Kujambula kweni-kweni kufuna munthu wophunzira, wotenga mau a chida chiri chonse paokha, ndi kugwirizana ndi eni nyimbo kudzera ku COSOMA kuti thukuta lao lisadyedwe ndi ena.

Apa ndi pamene ndikutembenukira kwa inu aphunzitsi ndi inu amene mwangotsiriza sukulu. Si onse adzagwire gitala. Pafunikanso okhala kuseri, osamala mawaya ndi makina. Yambani ndi kwaya ya pasukulu panu kapena gulu la bangwe la m'mudzi mwanu. Jambulani, lembani tsiku, malo ndi maina a oimba, ndipo sungani paŵiri. Amene adzatsegule bokosilo zaka 50 zikudzazi adzakuthokozani.