Ndani Ayenera Kusankha Nyimbo Yopambana ya Oimba a Zambia?

Mkangano wa nyimbo sufika pa bwalo la mfumu, komabe sutha msanga. M'mabasi oyenda pakati pa tauni ya Lusaka ndi Chelstone, m'malo ometera tsitsi ku Kabwata, ngakhalenso m'nyumba za kumayadi ku Woodlands ndi ku Kabulonga, anthu amatsutsana kawirikawiri pa funso limodzi lokha: mwa nyimbo zonse za woimba wakutiwakuti, yopambana ndi iti? Wina achula iyi, mnzake achula ina, ndipo amasiyana aliyense ataumirira pa yake.

Mlimi wa ku Katete kapena ku Chadiza angaone ngati imeneyi ndi nkhani ya anthu okhuta amene alibe munda wolima. Koma nkhaniyi iri ndi fupa m'kati. Nyimbo imene anthu aiyesa yopambana ndiyo imaulutsidwa pa wailesi, ndiyo imajambulidwanso kuti isatayike, ndiponso ndiyo imabweretsa kangacepe kwa mwini wake kapena kwa ana amene iye anasiya. Zinzake zotsala zimaiwalika pang'onopang'ono, monga mbeu imene palibe anaisungako pa nthawi yokolola. Cotero wosankha nyimbo yopambana ndiye asankhanso cimene adzukulu adzamva, ndipo mphamvu yotere siyenera kuperekedwa kwa munthu mwacisawawa.

Anthu a kumidzi sali alendo pa nkhani za nyimbo za pa wailesi. Kuyambira m'caka ca 1949, pamene kunafika kawailesi kochipa kooneka ngati poto, midzi yambiri inayamba kumva mau ocokera ku Lusaka, ndipo malemu Alick Nkhata, amene msewu wina mu Lusaka uli ndi dzina lao, anaonetsa kuti gitala ingathe kuimba m'zinenero za dziko lino. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, anyamata a m'matauni anachera khutu ku magulu a kunja monga Beatles ndi Rolling Stones, ndi kwa katswiri wa gitala Jimi Hendrix. M'caka ca 1970 James Brown anadza yekha kudzaimba mu Zambia. Poyamba anyamatawo anali kungotsanzira, koma posakhalitsa anasakaniza kulira kwa magitala a magetsi ndi kaimbidwe ka kwao, ndipo panabadwa nyimbo zimene zichedwa Zamrock. Pakati pa zaka za m'ma 1970, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Kenneth Kaunda, analamula kuti pa nyimbo 100 ziri zonse zoulutsidwa pa wailesi, 95 zikhale za oimba a Zambia. Lamulo limenelo linapatsa oimba nchito yambiri, ndipo makampani a ku Ndola, Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo, anatulutsa malekodi ocuruka.

Ku Migodi kunabuka gulu la WITCH, lotsogozedwa ndi a Emmanuel Chanda, amene anthu anawapatsa dzina lakuti Jagari powayerekeza ndi Mick Jagger wa gulu la Rolling Stones. Lekodi yao yochedwa Lazy Bones inatuluka m'caka ca 1975, caka comweco cimene gulu la Amanaz la ku Kitwe linatulutsa lekodi yochedwa Africa. Kunalinso a Rikki Ililonga ndi gulu lao la Musi-O-Tunya, ndi a Keith Mlevhu amene anali kuliza okha zoimbira zonse pa malekodi ao. Koma mwana weniweni wa Lusaka anali Paul Dobson Nyirongo, wodziwika ndi dzina lakuti Paul Ngozi, amene anabadwa m'caka ca 1949 nakulira m'komboni ya Chibolya. Iye ndi gulu lake la Ngozi Family anatulutsa Day of Judgement m'caka ca 1976 ndi 45,000 Volts m'caka ca 1977, ndipo nyimbo zake zambiri anaimba m'Cinyanja ca m'tauni.

Ng'oma yolira kwambiri siikhalira kusweka. Mtengo wa mkuwa unagwa m'caka ca 1975, ndalama zinasowa m'matumba, ndipo munthu wofuna unga sakanathanso kugula lekodi. M'caka ca 1978 asilikari a Rhodesia anaponya mabomba m'dziko lino, a Alick Nkhata anafera m'ciwembu cimodzi cotere kufupi ndi Mkushi, ndipo boma litaletsa kuyenda usiku magulu oimba anasowa koimbira. Kenaka kunadza nyimbo za disiko ndi kalindula, kunadza makaseti ojambulidwa mwakuba, ndipo pamwamba pa zonse kunagwa matenda a Edzi amene anatenga oimba ambiri asanakalambe. Paul Ngozi anamwalira m'caka ca 1989 ali ndi zaka 40 cabe. Mwa anyamata amene anayambitsa WITCH anatsala a Jagari okha, amene anakhala mphunzitsi ndipo pambuyo pake anapita kukakumba miyala ya mtengo wapatali. Kwa zaka zambiri nyimbo zao zinakhala cete.

Cimene cinazidzutsa cinacokera kutsidya kwa nyanja. Kampani ya ku America yochedwa Now-Again inafunafuna malekodi akalewo niwatulutsanso: a Rikki Ililonga m'caka ca 2010, a WITCH m'caka ca 2012, ndi nyimbo zosankhidwa za magulu osiyanasiyana m'caka ca 2017. M'caka ca 2019 kunatuluka kanema wonena za moyo wa a Jagari, ndipo m'caka ca 2023 gulu la WITCH, litadzukanso ndi oimba atsopano, linatulutsa lekodi yochedwa Zango. M'caka comweco woimba wa ku America Travis Scott anatengako mbali ya nyimbo ya Amanaz niika m'nyimbo yake, ndipo m'caka ca 2024 mnzake Tyler, the Creator anacita cimodzimodzi ndi nyimbo ya Paul Ngozi yochedwa Nizakupanga Ngozi. Anthu miyandamiyanda amene sadziwa kumene kuli Chibolya anamva Cinyanja kwa nthawi yoyamba.

Alendo amenewa ayenera kuyamikiridwa, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo popanda iwo nyimbo zambiri zikanaolera m'mabokosi. Koma pali cinthu cimodzi codetsa nkhawa. Acinyamata ambiri a mu Lusaka akafunsidwa nyimbo yopambana ya Paul Ngozi kapena ya Amanaz, amachula imene yachuka kunja, osati kaamba kakuti aimvetsera naiyesa okha, koma cifukwa mlendo waitola. Mlendoyo asankha ndi khutu lake. Iye amva kukalipa kwa gitala ndi kugunda kwa ng'oma, ndipo zimenezo azimva bwino, koma cimene woimbayo anali kunena kwa anthu a kwao sacimva. Akasiyidwa kusankha yekha, dziko lidzasunga theka la cuma cake nkutaya theka linalo.

Ndiponso kusankha kwa anthu a kunja sikuli kosasinthika monga ena aganizira. Magazini ya ku America yochedwa Rolling Stone inandandalika nyimbo 500 zopambana m'caka ca 2004 niika nyimbo ya Bob Dylan patsogolo. M'caka ca 2021 inafunsanso anthu ena, ndipo malo oyamba anapita kwa Aretha Franklin. Nyimbozo sizinasinthe m'zaka 17 zimenezo. Anasintha ndi anthu ofunsidwa. Ici cisonyeza kuti yankho limatsata wofunsidwa, ndipo pa nyimbo za Zambia anthu a kumidzi safunsidwa kawirikawiri.

Nanga nyimbo iyesedwe ndi muyeso wotani? Miyeso itatu ingathandize. Woyamba ndi uwu: kodi nyimboyo inena ciani, ndipo inena kwa yani? Kumudzi nyimbo siikhala phokoso cabe. Ya pamtondo idzudzula mwamuna waulesi, ya vimbuza icotsa zowawa za mumtima, ya pamaliro itonthoza ofedwa. Nyimbo ya gitala ya magetsi iyenera kufunsidwa funso lomwelo. Muyeso waciwiri ndi wakuti, kodi nyimboyo ikhalabe ndi moyo magetsi atazima? Ngati mnyamata woweta ng'ombe angaiimbe ndi banjo yake ya cigubu anthu nkuizindikira, ndiye kuti iri ndi msana; ngati kukoma kwake konse kuli m'makina, idzafa pamodzi ndi makinawo. Muyeso wacitatu ndiwo zaka. Nyimbo imene yachuka mwezi uno iri ngati cikomekome ca mkuyu, pakuti za m'kati mwake sizinaoneke. Koma imene anavina agogo, naifunanso mdzukulu popanda womkakamiza, yapambana mayeso amene ndalama sizingagule.

Miyeso imeneyi ikagwiritsidwa nchito, mayankho ena amaoneka poyera. Pa gulu la Amanaz, nyimbo yoyenera malo oyamba ndi Khala My Friend. Iri yofatsa, gitala yake siikalipa, ndipo munthu angaiimbe pakhonde popanda cothandizira. Uthenga wake ndi wa munthu wodandaulira bwenzi limene latenga njira yolakwika kuti libwerere, ndipo ngakhale mau ake ali m'Cingelezi, nkhaniyo ndi ya banja liri lonse limene mwana wake anapita ku tauni nacita ucona. Pa gulu la WITCH ambiri amachula Lazy Bones, ndipo pa muyeso wa zaka palibe angaitsutse, popeza patapita zaka pafupifupi 50 inavinitsa anthu a ku Ulaya ndi ku America amene anabadwa iyo itatuluka kale. Koma pa muyeso woyamba mphamvu yake icepa, pakuti munthu wosadziwa Cingelezi aivina osamva cimene inena.

Pa Paul Ngozi mpikisano ukula, cifukwa maina okha a nyimbo zake asonyeza kuti iye anali kulankhula ndi anthu wamba: Kumanda Kwa Bambo Wanga, Ulesi Tileke, Tikondane. Komabe malo oyamba ayenera kupita kwa Nizakupanga Ngozi, imene inatoledwa ndi woimba wa ku America uja. Apa mlendo anatola bwino, koma cifukwa ceniceni ca kupambana kwake acidziwa ndi Mnyanja. M'nyimboyo mwini nyumba acenjeza munthu wobwera pakhomo pake kuti adze ndi ulemu ndi kusiya miseche kunja. Ali yense amene anakhalapo m'komboni, kumene nyumba zithinana ndipo mau a usiku amafika kwa oyandikana nao kusanace, adziwa milandu imene lilime limautsa. Ndipo mfumu ya mudzi uli wonse yaweruzapo mlandu wotere. Ukali wa gitala yake ndiwo ukali wa munthu wotopa ndi mijedu. Wa ku America amva moto wa nyimboyo, koma wa ku Petauke amva moto pamodzi ndi cimene caukoleza.

Ena adzati nyimbo iri ngati ndiwo, ali yense ndi imene imkomera, ndipo palibe muyeso ungaweruze pakamwa pa mnzake. Mau amenewa ali ndi coonadi, ndipo palibe aletsedwa kukonda nyimbo imene anavina pa tsiku la ukwati wake. Koma kukonda ndi kwina, kuweruza ndi kwina. Mai akonda mwana wake koposa ana onse, komabe adziwa mwana wa pamudzi amene alima bwino koposa. Enanso, makamaka acikulire, adzati nyimbo za magitala a magetsi ndi za acilendo ndipo siziyenera kuwerengedwa pamodzi ndi cimtali kapena ndendeule. Amenewa akumbukire kuti cimanga naco cinacokera ku America, cinadza ndi Apwitikizi, koma lero palibe anganene kuti nsima ndi cakudya ca alendo. Cinthu cikhala ca anthu pamene iwo acilima m'nthaka yao ndi kuciphika mwa njira yao, ndipo ndico cimene Paul Ngozi ndi anzake anacita ndi gitala. Mwana wa dziko lino Sampa the Great anazindikira zimenezi pamene anatulutsa nyimbo yolemekeza oimba a Zamrock m'caka ca 2022.

Tsono pali nchito yoti icitike. Nyumba ya wailesi ya ZNBC, ndi mawailesi a m'Cigawo ca Kum'mawa monga Breeze FM ya ku Chipata, angacite bwino kuulutsa nyimbo zakalezi ndi kufunsa omvera a kumidzi kuti asankhe yopambana ya woimba ali yense, aliyense anene ndi cifukwa cake, kuti kusankhako kusakhale kwa a kumayadi okha amene ali ndi intaneti. Mabanja amene asunga malekodi akale m'masutukesi, makamaka a anthu amene anagwira nchito ku Migodi kapena ku Lusaka nabwerera kumudzi, asawataye kapena kuwapatsa ana kuti aseweretse, pakuti ena mwa malekodiwo ndi osowa kwambiri. Bungwe la ZAMCOPS, loteteza umwini wa nyimbo, liyenera kuonetsetsa kuti nyimbo ikagulitsidwa kunja, gawo loyenera lifike kwa amasiye a woimbayo. Aphunzitsi naonso auze ana a sukulu maina a anthu amenewa, monga awauza maina a mafumu ndi a omenyera ufulu.

Ku Kabwata kuli msewu wochedwa ndi dzina la Paul Ngozi, ndipo ulemu umenewo ndi woyenera. Koma cikwangwani ca pamsewu siciimba. Woimba alemekezedwa pamene anthu a cinenero cake amvetsera nyimbo zake, azitsutsana pa izo, nasankha okha yopambana popanda kuyembekeza kuti wina wa kutali awauze.