Mapu akale a mapiri athu asagone m'kabati

Mvula ikayamba kuno ku Mwami timadziwiratu zimene zidzacitika. Miseu ya kumidzi idzakumbika zigwembe, ngolo za fetereza zidzatitimira, ndipo abambo adzalephera kufika ku machalichi ena kukacita Misa. Ambiri amati ndi tsoka. Ife tikuti si tsoka ai, koma kusafunsa.

Dziko lathuli linajambulidwa kale. Alipo mapu a boma, opangidwa kucokera pa zithunzi za m'ndege, pamene masentimita 2 papepala aimira kilomita imodzi. Mizere yake yofiirira ikathithikana, pamenepo ndi potsetsereka kwambiri. Ikatalikirana, ndi pacidikha. Aonetsanso mitsinje, madambo, nkhalango ndi njira za miyendo.

Akale anali kulemekeza mapiriwa. Malire a Zambia ndi Malawi, amene anagwirizana mu 1891, atsata msana wa mtunda pamene madzi agawikana: ena atsikira ku Bua ndi ku Nyanja ya Malawi, ena ku Lutembwe ndi ku Luangwa. Tauni imene inayamba mu 1899 ndi dzina la Fort Jameson lero ndi Chipata, pakuti ili pa mpata wa mapiri. Mseu wa Great East ndi njanji yocokera ku Mchinji, imene inatsegulidwa mu 2010, sizinakwere phiri koma zinafuna podzera.

Nanga ife? Tilambula mseu molunjika cikweza, tiika kalavati pamene madzi sadzera, tiocha makala pamene mapu aonetsa nkhalango. Pambuyo pake tidabwa kuti mai wapakati wacedwa kufika kucipatala.

Ena adzati mapuwo ndi a nthawi ya atsamunda, maina ena analembedwa molakwika ndipo midzi ina inasamuka. Ndi zoona. Koma phiri silisamuka, ndipo madzi saiwala khwawa lake.

Tsono tipempha makomiti a parishi, mafumu ndi makhansala athu: pezani mapu a dera lino ku ofesi ya Survey ku Lusaka, muwapacike pa chalichi ndi pa sukulu. Acinyamata akhale pansi ndi agogo ao, alembepo maina enieni, zitsime ndi pamene madzi adula mseu caka ndi caka. Tisanagwire khasu kukonza mseu kapena kutsegula munda, tiyambe taona pepalalo.

Abale ndi alongo, safunsa anadya phula.