Tisafulumire Kuweruza Adalaivala a Malole

Aliyense amene adakulira m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira ku Linthipe, Chimbiya, pa Boma pa Dedza, Bembeke mpaka ku Lizulu, amadziwa kulira kwa lole yolemera ikamakwera chitunda usiku. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, nkhungu ikatseka msewu, malolewa amayenda mwakachetechete ngati nkhono, nyali zili ngwee masana. Ife tonse timawaona tsiku ndi tsiku, koma ndi angati mwa ife amene adakhalapo pansi n'kuganizira za munthu amene ali pachiwongoleroyo? Ine ndaona kuti tikatchula adalaivala a malole, pakamwa pathu pamabwera mawu awiri okha basi: ndalama ndi chiwerewere. Anyamata amawasirira, makolo amawaopa. Ndikuganiza kuti onsewa sakumuona dalaivala mmene alili.

Choyamba tikumbukire kuti Malawi ndi dziko lopanda nyanja yamchere. Feteleza amene makolo athu amathira m'minda ya chimanga ndi mbatata ya kachewere, mafuta a galimoto, mankhwala a m'zipatala, mchere, ngakhale mapepala amene nkhani ino yasindikizidwapo, zambiri mwa izi zimatsikira pa madoko a Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban. Kuti zifike kuno pafunika munthu wozitenga. Njanji ya ku Nacala ilipo, koma katundu wochuluka amabwera pa matayala. Wina amalowera pa Mwanza kuchokera ku Zobue, wina pa Songwe, wina pa Mchinji, ndipo wina pa chipata chathu chomwechi cha Dedza, chimene mbali ya ku Mozambique chimatchedwa Calomue, pa msewu wodzera ku Ulongwe kupita ku Tete. Fodya wathu nayenso amatuluka pa njira zomwezi.

Akuluakulu athu akukumbukira bwino nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha ndi pangano la mtendere losainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. M'zaka za m'ma 1980 njanji za ku Beira ndi Nacala zidatsekeka, ndipo malole ankadutsa ku Tete mondondozana, asilikali a ku Zimbabwe akuwaperekeza ndi mfuti. Adalaivala ena sadabwerere kwawo. Pa nthawi yomweyo maboma a Dedza ndi Ntcheu adadzaza ndi anthu othawa nkhondo, ndipo chakudya chawo chinkabweranso pa malole. Sindidamvepo za chipilala chokumbukira adalaivala a nthawi imeneyo.

Zoopsazo sizidathere pomwepo. Ku South Africa, magulu otsutsa adalaivala ochokera kunja akhala akutseka misewu, ndipo mu Julaye 2023 malole adatenthedwa pa msewu wa N3 pa Van Reenen's Pass, njira yopita ku Durban. Chakumapeto kwa 2024, zisankho zitavuta ku Mozambique, misewu idatsekedwa ndi zionetsero, malole n'kuima masiku ambiri. Munthu amene wanyamula katundu wa bwana wake sangathawe n'kuisiya lole pamsewu. Amagona momwemo, kuphika pa kambaula pansi pa thilera, kudikira.

Kudikiraku ndi kumene anthu ambiri sitikudziwa. Timaganiza kuti ntchito ya dalaivala ndi kuyendetsa basi. Koma gawo lalikulu la moyo wake ndi kuima: pa doko kudikira kupakira, pa chipata kudikira mapepala a kasitomu, pa sikelo, pa malo olipirira msewu monga pa Kalinyeke kuno ku Dedza kapena pa Chingeni, pa marodibuloko a apolisi a maiko awiri kapena atatu. Ulendo umene pa mapu ukuoneka wa masiku awiri umatha kutenga sabata ziwiri. Alawansi ya panjira imene adapatsidwa ponyamuka siwonjezeka chifukwa pepala lachedwa. Ikatha, amadya chiyani?

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse pang'ono, chifukwa ndi pamene pali mtima wa nkhani. Mu Novembala 2016, pa mudzi wa Caphiridzange m'chigawo cha Tete, thanki ya mafuta yochokera ku Beira kubwera kuno ku Malawi idaphulika anthu akutunga mafuta, ndipo anthu oposa 70 adafa. Malipoti a nthawiyo adati galimotoyo idapatuka pa njira yake kuti mafuta ena agulitsidwe mwachinyengo. Mu Malichi 2020, pa sikelo ya Mussacama m'boma la Moatize, akuluakulu a boma adatsegula kontena ya lole yochokera kuno ku Malawi n'kupezamo anthu 64 a ku Ethiopia atafa chifukwa chosowa mpweya. Anthu 14 okha ndi amene adapulumuka. Ndisanamizidwe: dalaivala amene wagulitsa mafuta a eni, kapena wotsekera anthu m'kontena ngati matumba a chimanga, ndi wolakwa, ndipo lamulo liyenera kugwira ntchito pa iye. Umphawi suchotsa mlandu. Koma tikamaliza kumuweruza, tifunsenso: ndani adamulemba ntchito, amamulipira zingati, ndipo ndani adadya ndalama zazikulu za anthu aja? Kawirikawiri amene amagwidwa ndi wa pachiwongolero, pomwe mwini malonda ali phee m'tauni.

Munthu wonyamula mafuta a ndalama mamiliyoni ambiri, koma malipiro ake osakwana kulipirira mwana sukulu, waikidwa pa mayesero tsiku lililonse. Ambiri amapirira, ndipo amenewa sitiwamva pa wailesi. Pamene adalaivala adanyanyala ntchito mu Seputembala 2021, akudandaula za malipiro, mtengo wa pasipoti ndi ndalama zoyezetsera Covid-19, sipadapite masiku ambiri mafuta adayamba kusowa m'mafilingi siteshoni. Dziko lonse lidadzidzimuka. Kodi mpaka munthu aimike lole pamsewu kuti timuone?

Nkhani ya matenda sindiilambalala, popeza ndi imene makolo amaiopa kwambiri. N'zoona kuti Edzi idayenda kwambiri m'misewu ikuluikulu ya kuno kummwera kwa Africa, ndipo malo amene malole amagona adavutika nayo. Koma pamene ena ankangoloza zala, ena adaganiza zothandiza. Mu 2005 pa chipata cha Mwanza padatsegulidwa kachipatala ka m'mbali mwa msewu kothandiza adalaivala, ndipo ntchitoyi idakula n'kukhala bungwe la North Star Alliance limene lafalikira m'maiko ambiri. Nzeru yake idali yapafupi: dalaivala sangasiye lole yodzaza katundu kukaima pa mzere ku chipatala cha boma, tsono chipatalacho chimutsate. Kuchepetsa masiku odikira pa chipata n'kothandizanso banja lake kuposa kumudzudzula. Chipata cha Mchinji ndi Mwami chitaphatikizidwa mu Disembala 2022 kuti mapepala a maiko onse awiri azionedwa malo amodzi, cholinga chidali chomwechi, kuti munthu asagone pa boda popanda chifukwa.

Tsono kwa inu makolo: mwana wanu akabwera n'kunena kuti akufuna kuyendetsa malole, musamuyankhe ngati wanena kuti akupita kukaba. Si onse amene alemba mayeso a Fomu 4 adzapeze malo ku yunivesite, ndipo ntchito ya manja si yonyozeka. Koma musangovomeranso chifukwa mwaona mnansi wabwera ndi firiji kuchokera ku Johannesburg. Mukhale naye pansi. Laisensi aitenge m'njira yoyenera, osati yogula, pakuti lole ya matani 30 yotsika chitunda cha ku Dedza mabuleki atatentha sidziwa kuti laisensiyo idagulidwa. Asanayambe ntchito aone kalata ya mgwirizano: malipiro ndi angati, alawansi ya panjira ndi ingati, akadwala kapena kuchita ngozi kunja kwa dziko adzamusamala ndani, tayala likaphulika adzadula malipiro a yani. Safunsa adadya phula. Ngati ali pabanja, mkazi wake akhalepo pa zokambiranazo, chifukwa ndi iye amene adzalera ana yekha sabata zitatu pa mwezi.

Kwa anzanga a msinkhu wanga ndingonena kuti walira mvula walira matope. Ulendo wa ku Durban umakoma pokamba, koma tulo ta maola atatu m'kabini, msana wopweteka ndi chilankhulo chachilendo pa rodibuloko ya usiku sizioneka pa chithunzi cha pa WhatsApp.

Kwa eni malole ndi boma pempho langa ndi lachindunji. Malipiro amene adagwirizana ndi adalaivala azilipidwa, ndipo a ofesi ya zantchito azifika m'makampani kukaona mabuku, osadikira sitiraka ina. Dalaivala asamalipidwe mongowerengera maulendo, popeza zimenezi zimamukakamiza kuyenda tulo tili m'maso, ndipo amene amavulala akalephera kukhota ndi mayi wogulitsa tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu pa Lizulu, kapena ana opita ku sukulu m'mawa. Pakati pa Lilongwe ndi Ntcheu pafunika malo oimikapo malole otetezedwa, okhala ndi madzi, zimbudzi ndi magetsi, kuti malole asamagone m'mphepete mwa msewu wopapatiza m'nkhungu. Ndalama za pa Kalinyeke adalaivalawa amalipira ulendo uliwonse. Gawo lina likhoza kumanga malo otere.