Lamya ya asilikali isamadulidwe

Masiku ano tikatsegula wailesi sitilephera kumva za sitima zankhondo za America ndi China zimene zikupingasana pa nyanja yozungulira chilumba cha Taiwan. Ambiri atanganidwa ndi kuwerenga. Lipoti la unduna wa zachitetezo wa America la 2023 lidati China ili ndi sitima zopitirira 370, pomwe za America sizikwana 300. Ena akuti America ikadali patsogolo poti ili ndi sitima 11 zikuluzikulu zonyamula ndege, China zitatu zokha.

Ife a nyuzi ino kuwerengaku sikukutidetsa nkhawa kwenikweni. Chimene chikutiopsa ndi ngozi.

Tikumbutsane. Mu Juni 2017 sitima ya USS Fitzgerald idawombana ndi sitima yakatundu kufupi ndi Japan ndipo asilikali 7 adafa. Patangotha miyezi iwiri inanso, USS John S. McCain, idawombana ndi sitima yamafuta kufupi ndi Singapore, asilikali 10 n'kutisiya. Ofufuza adapeza kuti kutopa ndi kuperewera kwa maphunziro zidathandiza kudzetsa ngozizo. Panalibe mdani, panalibe chipolopolo. Kodi sitima yowombana nayoyo ikadakhala yankhondo ya China, bwenzi lero tikukamba zotani?

Wina asati tikulota. Mu Juni 2023 sitima ya China idadutsa kutsogolo kwa sitima ya America pakati pa Taiwan ndi China pa mtunda wa mamita ngati 140 okha. Pa sitima zolemera chotero, apo mpamphuno penipeni. Mu Ogasiti 2025 sitima ziwiri za China zidawombana zokhazokha pothamangitsa bwato la boma la Philippines ku Scarborough Shoal.

Chodandaulitsa n'chakuti akuluakuluwa akakwiyitsana amathamangira kudula lamya. Mayi Nancy Pelosi atacheza ku Taiwan mu Ogasiti 2022, China idaimitsa zokambirana pakati pa akuluakulu a asilikali a maiko awiriwa. Kudapita chaka ndi miyezi itatu asadagwirizane zoyambiranso, a Joe Biden ndi a Xi Jinping atakumana ku California mu Novembala 2023. Nthawi yonseyo sitima zinkapingasanabe. Makolo athu adati nkhanga zidapangana kusadapse, ndipo lamyayo ntchito yake imaoneka tsiku la mkwiyo lomwelo.

Mwina awerengi ena adzati ife tilibe doko, zikutikhudza bwanji? Fetereza ndi mafuta athu amabwera pa sitima kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Alimi sadaiwale m'mene thumba la fetereza lidakwerera nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, pamene nkhondoyo ili kutali zedi ndi kuno. Nanga katundu wochokera ku China amene wadzaza m'sitolo za ku Limbe adzadzera kuti?

Malawi ili pa ubale ndi Beijing kuyambira kumapeto kwa 2007, ndipo ndi Washington ubalewo ndi wakalekale. Tikupempha boma lathu kuti nthumwi zake ku United Nations zikanene poyera, pamodzi ndi anzathu a mu SADC, kuti maiko awiriwa asainirane pangano loti lamya ya asilikali isamadulidwe ngakhale atayambana chotani.