Khalidwe Lobvuta Lingakhale Matenda

M'midzi ya Mfumu Mpanshya ku Rufunsa, munthu wokwiya msanga, wokayikira aliyense ndi wothetsa maukwati kawiri-kawiri amamnena kuti ndi wamwano kapena wolodzedwa. Komatu madokotala akuti khalidwe lotere, likayamba paunyamata ndi kukhalitsa zaka zambiri, lingakhale matenda a maganizo, ngakhale mwiniyo sali wamisala.

Kuyambira 2022, bungwe la World Health Organization limagawa matendawa patatu: ocepa, apakati ndi aakulu. Cithandizo cake ceni-ceni ndi uphungu wa nthawi yaitali. Lamulo la 2019, lomwe linafafaniza la atsamunda la 1949, limateteza ulemu wa odwala maganizo.

Motero abale asampitikitse pamudzi. Ampereke ku cipatala ca St. Luke's ku Mpanshya, kumene angamtumize ku Chainama.