Kabati Yatsopano ndi Fungo Lake

Amayi anzanga, sabata ino tikambirane za katundu wa m'nyumba. Mwezi wathawu mayi wina wa m'gulu lathu, atalandira ndalama za chipereganyu, anagula kabati yonyezimira naiika kuchipinda kumene amagona ndi khanda lake. Pasanathe masiku atatu mwana anayamba kutsokomola usiku, maso ali psuu, misozi ili chuchuchu. Titapita kukamuzonda, fungo lolasa m'mphuno linatichingamira pakhomo pomwe. Mazenera onse anali otseka kuopa fumbi.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makabati ndi matebulo ambiri a masiku ano si a thabwa lenileni monga mlombwa ayi. Ndi a chipboard, MDF kapena plywood, ndiye kuti utuchi, zibenthu kapena matabwa opyapyala omatidwa ndi guluu kufakitale. Guluu wotere kawirikawiri amakhala ndi mankhwala otchedwa formaldehyde, amene amatuluka pang'onopang'ono monga mpweya wosaoneka. Mpweyawu umayabwa m'maso ndi pakhosi, ndipo umazunza kwambiri ana ndi odwala mphumu. M'chaka cha 2004, bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linalengeza kuti formaldehyde amayambitsa khansa. Umboni wake unachokera makamaka kwa anthu amene anaupuma zaka zambiri pantchito, choncho tisachite mantha opitirira, koma tichenjere.

Mpweyawu umachuluka katundu akadali watsopano, ndiponso kukatentha kapena kukakhala chinyezi. Tangoganizani nyumba ya malata mu Okutobala, zitseko zili zotseka!

Tsono tichite chiyani? Poyamba, katundu watsopano ayambe wakhala pakhonde kapena m'chipinda chosagona munthu kwa masabata angapo, zitseko zake zili zotsekula. Chachiwiri, tsekulani mazenera tsiku lililonse, makamaka oyang'anana, kuti mphepo idutse. Chachitatu, pemphani kalipentala apake vanishi kapena penti m'mphepete ndi kumbuyo kumene utuchi ukuonekera, ndipo ziumire panja. Chachinayi, musaike katunduyu pafupi ndi mbaula kapena potsamira khoma lonyowa. Chachisanu, zidutswa zotsala kwa kalipentala musasonkhezere moto wophikira, pakuti utsi wa guluu ndi penti ndi woipa. Pogula, tsekulani kabati ndi kununkhiza m'kati, ndipo funsani kuti ndi thabwa lanji. Bedi la mwana likhale la thabwa lenileni, ngakhale la paini.

Mnzathu uja tinamuthandiza kutulutsa kabati pakhonde, ndipo mwana anapita naye kuchipatala, poti chifuwa cha khanda sichiyesedwa ndi maso. Lero akugona bwino. Kukongoletsa nyumba ndi ulemu wa mayi, koma mpweya wabwino ndiwo moyo wa banja. Tsalani bwino mpaka sabata yamawa.